Mwana Wopukwa Sanena ndi Pakamwa

M'nyumba ina ya anthu olemera mumzinda wa Frankfurt, ku Germany, munalowa mantha. M'mawa uliwonse antchito akadzuka ankapeza khomo la kumaso lili pululu, pamene madzulo ake anali atatseka ndi loko ndi mpiringidzo womwe. Ankafufuza chipinda ndi chipinda, koma panalibe ngakhale supuni imene inasowa. Wakuba wanji wotsegula khomo n'kubwerera chimanjamanja? Mapeto ake onse anagwirizana kuti m'nyumbamo mukuyenda mzukwa. Eni nyumba, a Sesemann, amene anali pa ulendo, anaitanitsidwa, ndipo usiku wina iwo ndi mnzawo wina, dokotala, anakhala tcheru, mfuti zili pambali. Pakati pa usiku anamva mpiringidzo ukusunthidwa. Atathamangira kukhomo anapeza kamtsikana kopanda nsapato, kali m'chovala chogonera choyera, kakunjenjemera ndi mphepo. Sikankadziwa n'komwe kuti kafika bwanji pamenepo.

Kamtsikanaka ndi Heidi, wa m'buku limene mayi Johanna Spyri a ku Switzerland anatulutsa m'magawo awiri, mu 1880 ndi mu 1881. Dokotala uja anamunyamula mwanayo kupita naye kuchipinda n'kuyamba kumufunsa modekha. Apa mpamene zinadziwika kuti usiku uliwonse Heidi ankalota ali kuphiri kwa agogo ake, akumva mphepo ikuwomba m'mitengo ya kuseri kwa nyumba, ndiye amathamanga kukatsegula chitseko kuti aone nyenyezi. Akadzidzimuka, n'kuti ali ku Frankfurt komwe. Pakamwa pake panali patatsekedwa kwa miyezi yambiri, miyendo ndiyo inayamba kunena m'malo mwake.

M'Chichewa tili ndi mawu awiri amene anthu amawasakaniza, koma sali amodzi. Kusungulumwa ndi kusowa wocheza naye, ndipo munthu angathe kusungulumwa ali pakhomo pake pomwe. Kupukwa n'kwina. Wopukwa ali ndi malo kapena munthu amene mtima wake watsalira. Thupi lili kuno, mtima uli kwawo. Mabuku a ana adzaza ndi zonse ziwirizi, ndipo sizodabwitsa: nkhani ya mwana imayamba kukoma pamene amayi ake palibe. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti alembi odziwa ntchito yawo kawirikawiri salola mwana kunena poyera kuti wapukwa. Amatisonyeza zimene akuchita, ife n'kuzindikira tokha, monga momwe mayi amazindikirira malungo pongokhudza pamphumi.

Tiyeni tikhalitse kaye kwa Heidi, chifukwa palibe buku lina la ana limene linalongosola nthenda imeneyi mwatsatanetsatane chotere. Heidi ndi mwana wamasiye. Ali ndi zaka 5, azakhali ake a Dete, amene ankamulera, anapeza ntchito ku Frankfurt, ndipo anakamutula kwa agogo ake aamuna, nkhalamba yosayankhulana ndi anthu, yokhala yokha paphiri kumtunda kwa mudzi wa Dörfli, kufupi ndi tauni ya Maienfeld. Kumeneko mwana anazolowera kugona pa udzu wouma, kumwa mkaka wa mbuzi ndi kupita kubusa ndi mnyamata wotchedwa Peter. Patatha zaka zitatu a Dete aja anatulukiranso. Anali atamupezera malo abwino, ati: akakhale mnzake wa Klara, mwana wa a Sesemann, amene sankatha kuyenda. Akaphunzira sukulu, akadya bwino, akavala bwino. Pomunyengerera anamuuza kuti akafuna kubwerera atha kubwerera nthawi iliyonse.

Aliyense amene anakulira kwathu kuno nkhani imeneyi akuidziwa ngakhale sanaliwerenge bukuli. Azakhali kapena amalume abwera kuchokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe, akuti mwanayu ndimutenge akaphunzire m'tauni. Makolo kapena agogo avomera, chifukwa angakane bwanji mwayi? Mwanayo safunsidwa. Ndipo akafika kumene akupitako amakodwa mu msampha womwe unakola Heidi: wapatsidwa bedi, nsapato ndi tiyi wamkaka, ndiye akati ndikufuna kwathu aoneka wosayamika. Mayi woyang'anira nyumba ya a Sesemann, a Rottenmeier, anamuuza Heidi zomwezo, kuti kufuna kuchoka panyumba yotere ndi kupanda kuthokoza, ndipo pambuyo pake anamuletsa kulira. Ngakhale dzina anamusintha, ankamutchula Adelheid, ati Heidi si dzina loyenera. Kuyambira pamenepo mwana ankameza misozi masana, n'kumakalirira mu pilo usiku kuti wina asamve.

Tsono onani kumene kupukwako kunkatulukira. Tsiku loyamba lomwe, ataona patebulo mabanzi oyera ofewa, Heidi anatenga lake n'kuliika m'thumba. Tsiku lililonse ankachita zomwezo, mpaka m'kabati ya zovala munaunjikana mulu wa mabanzi ouma gwa. Sanali akuba, ndipo njala sinali kumupweteka. Kuphiri kuja anasiya agogo ake a Peter, nkhalamba yosaona, imene mano ake sankathanso buledi wakuda wolimba wa kumudzi. Banzi lililonse linali lonjezo lakuti ndibwerera, ndipo sindibwerera chimanjamanja. Pamene a Rottenmeier analamula kuti mabanziwo atayidwe, Heidi analira kulira kumene sanalirepo chifikire. Wamkulu ankaona zinyalala m'kabati. Mwana ankaona njira yake yobwerera kwawo ikutayidwa kudzala.

Tsiku lina anazemba m'nyumba n'kukakwera nsanja ya tchalitchi, poganiza kuti pamwamba pake aona mapiri. Anangoona madenga ndi machumuni mpaka kumene maso amalekezera. Tsiku linanso ali mkati mophunzira anamva mkokomo panja, anadzambatuka, kugwetsa mabuku ndi inki, kuthamangira kumsewu. Ankayesa ndi mphepo ya m'mitengo ija, koma anali magaleta odutsa. Agogo ake a Klara atamusonyeza buku la zithunzi, anafika pa tsamba la msipu wobiriwira ndi mbusa ndi ziweto zake, mwana n'kuphulika kulira. Kenaka chakudya chinayamba kumukanika, anaonda, nkhope inayera. Mayi Spyri anali mwana wa dokotala, ndipo zikuoneka m'kalembedwe kawo: amaunjika zizindikiro chimodzichimodzi ngati munthu amene anaonapo odwala, mpaka kufika pa mzukwa wa pakhomo uja.

Dokotala wa m'bukuli sanalembe mankhwala a m'botolo. Anauza a Sesemann kuti mwanayu abwerere kwawo mawa lomwe, apo ayi adzabwerera mochedwa kapena sadzabwerera n'komwe. Owerenga a ku Switzerland sanaone chachilendo m'mawu amenewo, chifukwa kwawoko kupukwa kunkawerengedwa ngati nthenda yeniyeni kuyambira kale. Mu 1688 mnyamata wina wophunzira za udokotala ku Basel, Johannes Hofer, analemba za anthu odwala chifukwa chokhala kutali ndi kwawo, ndipo anapanga liwu latsopano lakuti nostalgia polumikiza mawu awiri a Chigiriki, lina lotanthauza kubwerera kwanu, lina ululu. Anthu a ku Switzerland nthawi imeneyo ankalembedwa usilikali m'magulu a nkhondo a mafumu a mayiko ena, ndipo ankadziwika kuti amafooka ndi kupukwa, makamaka akamva nyimbo za abusa a ng'ombe a kumapiri kwawo. Lero liwu la Hofer lija linafewa, limangotanthauza kukumbukira zakale mokoma. Pachiyambi linali dzina la matenda amene madokotala ankakhulupirira kuti amapha.

Makutu a Heidi ndiwo ankamupereka. Kwa ena ndi mphuno. M'buku la Kenneth Grahame la mu 1908, The Wind in the Willows, muli Mfuko amene anasiya una wake n'kukakhala kumtsinje ndi mnzake Khoswe, ndipo kwa miyezi yambiri sanakumbukeko kwawo chifukwa moyo unkakoma. Usiku wina wa mu Disembala, kukuzizira, awiriwa akubwerera kunyumba kwa Khoswe, fungo linamupeza Mfuko mumdima. Linali fungo la kanyumba kake kakale, kali pafupi pomwepo. Anaitana mnzake, koma Khoswe anali patsogolo, akufulumira kuthawa chipale, ndipo sanamvetse. Mfuko anasankha kutsatira mnzake. Anayenda chinunu mtunda ndithu, mpaka atakhala pansi kuti apume mpamene chinamutsamwitsa chija chinaphulika, kulira kosatonthozeka. Khoswe atamva chifukwa chake sanamuseke kapena kumuuza kuti alimbe mtima. Anatembenuka, nabwerera naye mumdima momwemo kukafunafuna kaunako. Kanali kanyumba kafumbi, kopanda chakudya chokwanira, ndipo Mfuko anachita nako manyazi. Mnzakeyo anayamba kukatamanda ngodya ndi ngodya uku akusonkha moto. M'mabuku onse a ana amene ndawerenga, sindikumbukira chithunzi cha ubwenzi choposa chimenechi.

Fungo lomwelo ndi limene linabweza Max, kamnyamata kopulupudza ka m'buku la zithunzi la Maurice Sendak la mu 1963, Where the Wild Things Are. Amayi ake atamutumiza kukagona osadya, iye m'maganizo anapalasa bwato kupita kudziko la zilombo, zilombozo n'kumulonga ufumu. Atavina nazo mpaka kutopa, mfumu inasungulumwa, ndipo kuchokera kutali kunabwera fungo la chakudya. Anausiya ufumu. Atafika kuchipinda kwake anapeza mgonero wake uli patebulo, usanazizire. Amayi ake saoneka pa chithunzi chilichonse m'buku lonselo. Mbale ya chakudya ija ndiyo amayi. Mwana wa sukulu yogonera komweko amene anatsegulapo kathumba ka chigumu kapena mtedza wokazinga wochokera kunyumba, n'kuyamba wanunkhiza asanadye, safunika kumumasulira tsamba limeneli.

Onsewa, Heidi, Mfuko ndi Max, ali ndi kwawo. Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka, ndipo mankhwala awo ndi kubwerera basi. Nanga mwana amene alibe kobwerera amapukwa chiyani?

Anne Shirley, wa m'buku la Lucy Maud Montgomery la mu 1908, Anne of Green Gables, makolo ake anamwalira ali wakhanda. Anakulira m'makomo a eni, akulera ana a eni, mpaka anakathera kunyumba yosungira ana amasiye. Ali ndi zaka 11 anatumizidwa ku chilumba cha Prince Edward, ku Canada, kwa a Matthew Cuthbert ndi mlongo wawo a Marilla, amene anali atapempha mnyamata woti aziwathandiza kumunda. Mtsikanayo anabwera molakwika. Kusungulumwa kwa Anne sikuli kwa chinunu ngati kwa Heidi. Iye amayankhula. Kuchokera pa siteshoni ya sitima mpaka kunyumba pakamwa sipanatseke, akupatsa mayina atsopano msewu ndi dziwe. Owerenga ambiri amangoseka, koma mvetserani bwino: mwana amene wakhala zaka zonsezo wopanda womumvetsera wapeza khutu, ndipo akuopa kuti akangosiya kuyankhula khutulo lichoka. Kutcha dzina mtengo wa pawindo ndi njira yake youza malowo kuti ndine wa pano.

Pali kachigawo kena kamene kamandipweteka nthawi zonse. Anne akufotokozera a Marilla za anzake awiri amene anali nawo kale. Woyamba, Katie Maurice, ankakhala m'galasi la kabati ya mabuku panyumba ina imene ankakhalapo: chinali chithunzithunzi chake chomwe. Wachiwiri, Violetta, ankakhala m'chigwa kufupi ndi nyumba ina: anali mawu ake omwe, akamabwerera kuchokera kutsidya akafuula. Mwana anadzigawa pawiri kuti apeze mnzake. Ndipo amazifotokoza mosangalala, osadzimvera chisoni, koma a Marilla, mayi wouma mtima kunja kokha, akungoyankha mouma kuti zoterezo sagwirizana nazo. Anne sakupukwa nyumba imene anaisiya. Akupukwa nyumba imene sanakhalepo nayo, ndipo m'chiyankhulo chathu ndikuona kuti liwu loyandikira kwambiri ndi umasiye.

Koma mwa ana onsewa, amene ine ndimamukhulupirira kwambiri ndi Mary Lennox, chifukwa ndi wosakondeka. Frances Hodgson Burnett anamulemba m'buku la The Secret Garden, limene linatuluka mu 1911. Mary anabadwira ku India, kwa makolo achingerezi amene analibe naye ntchito, ndipo analeredwa ndi antchito amene ankamuchitira chilichonse chimene walamula. Kolera itagwa panyumbapo, makolo ake anamwalira, antchito anathawa, ndipo mwanayo anaiwalika m'nyumba yekha mpaka asilikali anamupeza mwangozi. Anatumizidwa ku Yorkshire, ku England, ku chinyumba cha zipinda pafupifupi 100 cha amalume ake, zambiri mwa izo zokhoma. Mary salira maliro a amayi ake. Sabisa mabanzi. Ndi wamwano, wokwinya nkhope, wonyoza antchito, wokana phala. Atakhala m'kalasi mwanu mukanati ndi mwana wopanda khalidwe, ndipo simukanalakwitsa.

Tsiku lina m'munda, akuyang'ana kambalame kofiira pachifuwa kamene kankazolowerana ndi mlimi wokalamba Ben Weatherstaff, anamva kuti kambalameko kanatsala kokha anzake a m'chisa atabalalika. Apo Mary anapezeka atanena kuti nayenso ndi wosungulumwa, ndipo wolemba akutiuza kuti mwanayo sankadziwa kale kuti n'chimene chinkamuwawitsa mtima. Apa pali choonadi chimene akulu timachiphonya. Mwana sabadwa ndi dzina la chimene chikumupweteka. Amangomva kuipidwa, ndiye amamenya mnzake, amakana nsima, amayankha mwachipongwe. M'nyumba momwemo munalinso msuweni wake Colin, wobisidwa m'chipinda, amene kusungulumwa kwake kunkatuluka ngati kukuwa kwa pakati pa usiku ndi kuopseza aliyense kuti iye amwalira posachedwa. Ana awiri oipa mtimawa ndiwo anachiritsana, poyamba pokalipirana, kenaka polima limodzi m'munda umene unakhala wokhoma zaka 10. Palibe amene anabwerera kwawo. Anachita kukumba kwawo ndi manja, pamalo pamene anapezeka. Bukuli lili ndi chilema chake, ndipo sindingachibise: limanena za anthu a ku India ndi kamwa la atsamunda a nthawi imeneyo, ndipo kholo lowerengera mwana liyenera kuima pamenepo n'kukambirana naye. Koma pa nkhani ya mwana wolusa chifukwa chosowa womufuna, mayi Burnett anaona patali.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inabweretsa mtundu wina wa mwana wopukwa. Kumayambiriro kwa Seputembala 1939, m'masiku ochepa chabe, boma la Britain linasamutsa anthu pafupifupi 1.5 miliyoni kuchoka m'mizinda kupita kumidzi poopa mabomba, ambiri mwa iwo ana a sukulu opanda makolo awo, aliyense atamangiriridwa kapepala ka dzina lake pa chovala. Ana anayi a m'buku la C. S. Lewis la mu 1950, amene analowa m'dziko la Narnia kudzera m'kabati ya zovala, anali ana osamutsidwa chotere. Michael Bond, amene anaona ana oterewa ali mnyamata, anawakumbukira polemba za kachimbalangondo kopezeka pa siteshoni ya Paddington ku London, kali ndi kasutikesi ndi kapepala m'khosi kopempha aliyense wokapeza kuti akasamalire. Buku loyamba linatuluka mu 1958. Poyamba Bond ankafuna kuti kachimbalangondoko kachokere ku Africa, koma atauzidwa kuti kuno kulibe zimbalangondo anakasamutsira ku Peru. Paddington sadandaula. Ndi waulemu mopitirira, amavulira aliyense chipewa, ngati mlendo amene akudziwa kuti mlendo ndi mame. Koma amasunga chithunzi cha azakhali ake a Lucy, amawalembera makadi, ndipo m'chipewa mwake mumakhala buledi wopaka jamu wa malalanje, kuchitira mwina. Mwana amene anagonapo ndi njala pa ulendo sasiya kusunga kachakudya pambali, ngakhale atafika pa mwanaalirenji.

Nthano zathu za pamoto zinali nayo njira yawoyawo, ndipo ndimaiona kuti ndi yakuya. Mwana wamasiye wa m'nthano, wotumidwa kumadzi usiku, wopatsidwa mkute anzake akudya zabwino, sayankha amayi omupeza. Sangayerekeze. Amadikira afike kuchitsime, kuthengo kapena pamanda a amayi ake, pamenepo ndiye amaimba. Zonse zimene sanganene pamaso pa akulu zimalowa mu nyimbo, ndipo kawirikawiri ndi nyimbo yomweyo, yomvedwa ndi mlenje kapena nkhalamba yodutsa, imene imaulula nkhanza ndi kumupulumutsa. Mu nthano ya Kamdothi zinthu zimatembenuka: wosungulumwa ndi mayi wopanda mwana, amene akuumba mwana wa dothi, ndipo nyimbo yake ndi yomuchenjeza mvula ikamabwera. Komanso nthano sinenedwa kwa munthu mmodzi. Wokamba akaimba, omvera amavomera, ndipo chiyambire nkhani akhala akuyankha kuti tili tonse. Mwana wamasiye weniweni amene wakhala pabwalopo amaimba nawo dandaulo lake lomwe, pakati pa anzake, popanda womuloza chala. Buku silingachite zimenezo, chifukwa mwana amaliwerenga yekha. Mwayi wa buku ndi wina: angathe kulibisa kunsi kwa pilo n'kubwerera pa tsamba lomwelo kakhumi popanda womufunsa chifukwa chake.

Pali buku limodzi limene lili pafupi nafe kuposa onse ndatchulawa. Beverley Naidoo, wobadwira ku Johannesburg, analemba Journey to Jo'burg ali ku England kumene anathawira ulamuliro wa tsankho. Linatuluka mu 1985, ndipo boma la South Africa linaliletsa mpaka 1991. Naledi, wa zaka 13, ndi mlongo wake Tiro akukhala kumudzi ndi agogo awo. Bambo awo anamwalira ndi chifuwa chimene anachitenga kumigodi. Amayi awo amagwira ntchito ya m'nyumba kwa azungu ku Johannesburg, mtunda wopitirira makilomita 300. Mng'ono wawo wakhanda, Dineo, akudwala kwambiri, ndipo ana awiriwa anyamuka wapansi, osatsanzika, kukaitana amayi.

Apa kupukwa kwatembenuzidwa. Ana ali kwawo, pakhomo pamene anabadwira, koma kwawoko kulibe mwini. Naledi sakhala pansi n'kumalira kuti wasowa amayi. Amayenda. Kupukwa kwake ndi mapazi otupa pa msewu wa phula, ndi kalata yokhala ndi adiresi imene wainyamula. Atafika, akupeza amayi awo akukhala m'kachipinda kuseri kwa chinyumba chachikulu, akulera kamtsikana ka abwana. Amayiwo akupempha chilolezo chopita kwa mwana wawo wodwala, ndipo adona akuwauza kuti adikire mawa, chifukwa madzulo amenewo iwo akupita kuphwando ndipo pafunika wotsala ndi mwana. Ana awo omwe saloledwa kugona pamalopo, ndiye akukagona ku Soweto kwa mayi wina, Grace, amene anakumana naye pa basi. Naledi, amene mumtima ankafunsa chifukwa chimene amayi sakhalira nawo, akuona koyamba kuti wopukwa kwambiri m'banja lawo ndi amayiwo, ndipo kuti nawonso sanena ndi pakamwa.

Mabanja a kwathu kuno njira ya ku Joni akuidziwa kuyambira nthawi ya Wenela ndi Theba, pamene amuna ankalembedwa ntchito ya kumigodi, ena n'kutchona osabweranso. Lero mabasi a ku Johannesburg amanyamula amayi ndi abambo omwe, ndipo m'midzi yambiri, ku Mangochi, ku Mzimba ndi kwina, muli ana amene amadziwa makolo awo pa foni ndi pa katundu wotumizidwa. Mwana wotere akamaliwerenga bukuli sakuwerenga za dziko lachilendo.

M'bukuli mulinso dokotala, monga mwa Heidi muja. Amayi atafika kumudzi anathamanga ndi Dineo kuchipatala, anadikira pamzere wautali, pomwe mwana wa mayi wina wachitsikana anamwalira, ndipo Dineo anagonekedwa masiku angapo mpaka anapeza bwino. Dokotala anawalangiza kuti mwanayu azimwa mkaka, azidya zipatso ndi ndiwo zamasamba. Dokotala wa ku Frankfurt atanena kuti mankhwala ndi kubwerera kwawo, a Sesemann analipira ulendo wonse, Heidi anakwera sitima ndi dengu la mabanzi atsopano pamiyendo. Amayi a Naledi anamva malangizo a dokotala wawo akudziwa kuti ndalama ya mkakawo ili ku Johannesburg, ndi kuti akachedwa adona alemba wina. Anamubweza Dineo kwa agogo ake, ndipo anayamba kukonzeka ulendo wobwerera kukalera mwana wa eni.